Makope Atatu a ku Chipoka

Inu ana, bwerani kuno kumthunzi wa mango. Mafoniwo muwasiye pamphasapo, sathawa. Iwe Yamikani, khala mbali ino ya khutu langa lakumva, chifukwa nkhaniyi waiputa ndiwe. Dzulo ndinakumva ukuseka mlongo wako Tadala kuti amusankha kukaphunzira hisitole ku yunivesite, ati akadzamaliza azidzagulitsa mandasi digiri ili m'chikwama. Nonse munaseka, ngakhale iwe Mphatso amene sudziwa n'komwe ngati digiri ndi nsomba kapena mbalame. Ine sindinaseke, komanso sindinakwiye. Mawu otere ndinawamva kalekale kuchokera kwa bambo anga, ndipo iwo sankaseka ayi.

Inu mumandidziwa ngati agogo amene anakalamba akuwerenga matumba padoko la Chipoka. N'zoona. Chimene simudziwa n'chakuti pepala limene Tadala akukalifunalo ine ndili nalo. Lili pansi pa sutikesi yachitsulo ija mumaikhalira ngati mpando, njenjete zinadya ngodya imodzi. Ndimvereni bwino, chifukwa si nkhani yodzitama. Manyazi anga ali mommuno.

Bambo anga ankalima thonje ndi chinangwa kwa Maganga. Thonje, inu ana, ndi mbewu yopanda chisoni. Uzipopera mankhwala pampu ili kumsana, dzuwa lakuno likukuwotcha m'khosi, kenako uzitola mpaka zala kusupuka. Anapirira zonsezo kuti ine ndifike patali. Nditawauza kuti ku Zomba ndasankha kuphunzira mbiri yakale ndi zilankhulo, anapitiriza kusenda chinangwa. Kenako anati, "Lingisoni, mwana wa a Kachala akuphunzira zaulimi, adzabwera kudzatiuza za mbozi. Uja wa aphunzitsi akufuna udokotala. Iwe mbiri yakaleyo uzidzachiritsa nayo ndani?"

Ndinangoti, "Ndimaikonda, bambo."

Iwo anati, "Inenso ndimakonda kugona masana, koma sindinapitire kusukulu zimenezo."

Ndinapitabe. Ulendo wa ku Zomba masiku amenewo sunali wa maminibasi anuwa othamanga ngati akuthawa moto. Tinkayenda wapansi mpaka pasiteshoni ya Salima, sutikesi ili pamutu. Sitima yapamtunda inali ndi mabenchi amatabwa, ndipo inkaima paliponse ngati ili ndi abale m'mudzi uliwonse. Ikaima pa Chipoka, amayi ankathamangira m'mazenera ndi chambo chowamba chokulunga m'masamba a nthochi. Ukagula chimodzi unkadya pang'onopang'ono mpaka ku Balaka, mutu n'kusungira pabasi ya ku Zomba. Inu lero chambo mumachionera m'mahotela a alendo, n'kumati agogo akunama.

Ku yunivesiteko kunali mphunzitsi wathu wina wamfupi, wachibwibwi pang'ono. Dzina lake sinditchula, ana ake alipo ndipo sindinawapemphe. Iyeyu patchuthi ankatitumiza kumidzi, aliyense ndi kope ndi pensulo, kukafunsa nkhalamba za kale. Ankatiuza kuti ukafika kwa munthu wamkulu, usakhale pampando mwiniwake ali pansi. Ukafunsa funso utseke pakamwa, ngakhale akhale chete mpaka nkhuku kuyamba kulowa, usamuthandize kuyankha. Tchuthi china ndinakhala masabata atatu ku Ngodzi, ndi mkulu wina amene ankakumbukira ngalawa zamatanga zooloka nyanja. Chiyao changa ndinachinolera kumeneko. Ndinkagona pamkeka, udzudzu ukundidya, koma sindinakhalepo wokondwa chotero pantchito ina iliyonse.

M'chaka changa chomaliza, Lachiwiri lina tinalowa m'kalasi, mphunzitsi uja sanabwere. Choko chake chinali patebulo. Lachinayi sanabwerenso. Palibe anafunsa mokweza. Zinali zaka za chipani chimodzi, khadi lachipani unkayenda nalo kumsika, pabasi, ngakhale kuchipatala. Tinamva m'manong'onong'o kuti mmodzi mwa ife tomwe anakamuneneza. Ati pophunzitsa za mafumu akale, ananena kuti ufumu uliwonse umatha. Anakhala m'ndende zaka zingapo osazengedwa mlandu.

Nditamaliza maphunziro, makalata awiri anafika kwa Maganga sabata imodzi. Ina inkandiitana kukaphunzitsa hisitole pasekondale ina ku Dedza. Ina inali ya kampani yonyamula ndi kusunga katundu pa Chipoka, inatha kalekale, inkafuna kalaliki wodziwa Chingerezi. Mtima wanga unali ku Dedza. Koma ndinaganiza za choko chija. M'kalasi mumakhala ana makumi anayi, ndipo sungadziwe kuti ndi mwana uti amene amalume ake ndi a chipani. Thumba la feteleza silinganeneze munthu. Ndinasankha matumba. Bambo anga anakondwa kwambiri, anapha nkhuku, ati tsopano mwanayu nzeru zamubwerera.

Ofesi yanga inali yamalata, mwezi wa Okutobala unkamva malatawo akulira okha ndi kutentha. Ndinali ndi taipulaita yolemera ngati mphero, ndi mapepala akuda a kaboni oika pakati kuti kalata imodzi ituluke kanayi. Iwe Tadala ukalakwitsa umangofufuta ndi chala pagalasi. Ife ukaphonya chilembo chimodzi, mapepala onse anayi unkayambiranso. Ndinakwatira agogo anu aakazi, Nabanda, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya pasiteshoni. Tinali ndi njinga, wailesi ndi ayironi yamakala. Anthu ankati Mbewe zake zayera. Ine ndinkavomera.

M'chaka changa chachinayi pantchitopo, Nabanda ali ndi pakati pa bambo anu, kampani inafuna kumanga nyumba ina yaikulu yosungiramo katundu, ife tinkaitcha shedi. Malo amene anasankha anali pafupi ndi njanji, pamanda a mudzi wina wa asodzi achisilamu. Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa bwemba. Panali mzungu woyeza malo, panali tcheyamani wa chipani wochokera kumtunda, ndi anyamata ake a malaya ofiira amene anabwera nawo palole. Ine anandiimika pakati kuti ndimasulire, chifukwa akuluakulu a m'mudzimo nkhani zolemera ankazilankhula m'Chiyao, ndipo alendowo Chiyao sankachimva.

Anaimirira a Shehe a m'mudzimo, Che Wadi, nkhalamba yoonda, maso atayamba kale kuchita khungu. Analankhula mofatsa. Anati, "Muwauze bwanayo kuti ife chitukuko sitikuchikana. Koma apa pagona makolo athu, ndipo tinawagoneka nkhope zikuyang'ana kumene timayang'ana popemphera. Kumtundaku kuli thengo lopanda mwini, shediyo akamange kumeneko, ife tithandiza kulambula. Boma limene siliopa akufa, amoyo lingawaope bwanji?"

Tcheyamani anati, "A kalaliki, auzeni bwana m'Chingerezi, inenso ndimvera pomwepo."

Inu ana, mawu omaliza aja akanatuluka pakamwa panga, a Shehe akanakwera lole tsiku lomwelo. Mwinanso ine. Ndinayang'ana anyamata a malaya ofiira aja, n'kuyang'ana mzungu, kenako ndinati m'Chingerezi: akuti akuthokoza boma chifukwa cha chitukuko, akungopempha nthawi yoti asamutse manda awo.

Mzungu anagwedeza mutu, anati masabata awiri. Tcheyamani anawomba m'manja, anyamata ake n'kuwomba nawo. Ine ndinatembenukira kwa anthu aja n'kunama kachiwiri. Ndinati bwana wamva zonse koma wakana, wakupatsani masabata awiri okha.

Madzulo ake muofesi, mzungu uja akupinda mapu ake, anandiuza ngati nkhani wamba. Anati anadabwa kuti anthuwo sanakane, chifukwa papulani yake panali malo enanso kumtunda, kungoti atalikirana pang'ono ndi njanji. Ndikanatha kulankhula pamenepo. Sindinalankhule, chifukwa ndikanaulula kuti ndinanama pamaso pa tcheyamani. Ndinangoti, "Inde bwana," n'kuvundikira taipulaita.

M'mawa mwake kunabwera mayi wina wachikulire, wofunda nsalu yoyera kumutu. Anali Abiti Salimu, amene ankasambitsa mitembo ya amayi m'mudzi muja. Anakana mpando, anakhala pasimenti pakhomo la ofesi. Ndinadzuka pampando wanga n'kukhala pansi nanenso, thupi linangokumbukira lokha zimene linaphunzira.

Anati, "Asalamu alaikumu, a kalaliki. Ine pautsikana wanga ndinalera ana a azungu ku Limbe. Chingerezi chambiri ndinaiwala, koma thenkyu ndimamudziwa. A Shehe dzulo sananene thenkyu."

Ndinati, "Mayi, ndikanamasulira zonse, a Shehe bwenzi atagona kuti?"

"Mawu omaliza aja mukanawameza, palibe akanakudzudzulani. Nanga za kumtunda zija munazimezeranji?"

Iwo sanakweze mawu. Anati, "Anthu akuti munapita sukulu yaikulu kwambiri. Anakuphunzitsani chiyani kumeneko?"

"Kufunsa akuluakulu za kale, n'kulemba."

"Basi?"

"Basi, mayi."

"Ndiye mubwere ndi pensulo yanuyo. Manda athu alibe zolemba, timangoika mwala kumutu. Odziwa kuti apa pagona yani tatsala awiri, ine ndi a Shehe, ndipo a Shehe saona. Tikakumba osadziwa, tisakaniza mkazi wa uyu ndi mwamuna wa uja. Mwatilakwira kale, bwerani mudzagwire ntchito."

Kwawoko amayi salowa kumanda poika maliro. Koma Abiti Salimu akasambitsa mtembo, ankadikira amuna pobwera n'kuwafunsa kuti mwamugoneka pafupi ndi yani, n'kusunga m'mutu. Anachita zimenezo zaka zoposa makumi atatu, popanda womutuma. A Shehe analoleza kuti alowe, ati nthawi yake ndi yovuta ndipo Mulungu akuona.

Ndinagula makope atatu a ana asukulu. Ndikaweruka ndinkapalasa njinga kupita kumandako, Loweruka tsiku lonse, Lamulungu ndikatuluka m'tchalitchi. A Shehe ankakhala pansi pa bwemba, Abiti n'kumayenda ndi ndodo mwala ndi mwala, ine pambuyo. Akatchula dzina la mwamuna ankafuula, a Shehe n'kuvomera kapena kukonza. Nthawi zina ankakangana ngati ana, ine n'kulemba zonse ziwiri. Ndinkawerenga mapazi kuchokera pamitengo, pabwemba, pamlambe, ndi pamgwalangwa umene unali kufupi ndi madzi, n'kujambula mapu tsamba ndi tsamba.

Sindinkalemba dzina lokha. Ndinkafunsa kuti anali mwana wa yani, ankachita chiyani, anapita bwanji. Poyamba Abiti ankati mafunso enawo ndi otaya nthawi, koma pofika tsiku lachitatu ankayamba okha ndisanafunse. Che Musa wosema mabwato, anafa ndi chifuwa chaka cha dzombe. Abiti Ndala, anabereka ana khumi ndi mmodzi, anaika asanu ndi atatu, ndi awa amuzungulirawa. Mlendo wa kutsidya, dzina silidziwika, mafunde anamutaya pamchenga mwera utawomba masiku anayi, a m'mudzi anasonkha nsalu yomukulungira. Anthu anayamba kubwera kudzaima m'mphepete mwa manda kumvetsera. Mtsikana wina analira atamva kuti agogo ake amene sanawaone ankaimba bwino pokoka khoka, ati nayenso amaimba ndipo sankadziwa kumene anatengera.

Kope loyamba linali la manda akumtunda, lachiwiri apakati, lachitatu a kufupi ndi nyanja. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinamaliza lachitatu, ndipo chifukwa cha kutopa ndinalisiya m'dilowa ya kuofesi. Mawa lake silinalimo. Amene analitenga ndimamudziwa, tinkamwera tiyi kapu imodzi. Anamwalira, musiyeni.

Anabwera anthu awiri osavala yunifomu n'kunditengera kuofesi ina, sinditchula kumene inali. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osapatsidwa ngakhale madzi. Nthawi imeneyo anthu a m'mbali mwa nyanja ankakayikiridwa kuti amabisa zigawenga zooloka pamabwato. Atandilowetsa, kope langa linali patebulo, pamaso pa bambo wina wonenepa wovala magalasi.

Anati, "A Mbewe, inu munthu wophunzira. Mayina onsewa ndi a ndani? Nanga mapu a malo a padoko mukujambulira yani?"

Ndinati, "Onsewo ndi akufa, bwana. Ndi manda amenewo."

"Akufa. Anakutumani ndani kuwerenga akufa m'dziko la mtendere lino?"

Ndinafotokoza zonse. Anatsegula masamba limodzilimodzi, akunyowetsa chala ndi malovu. Kenako anafunsa dzina la amene anandiphunzitsa ku Zomba. Nditalitchula, anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Mkazi wanu ndi woyembekezera, si choncho? Musayine apa kuti simudzapondanso kumandako." Ndinasayina. Nditapempha kope langa, anaseka pang'ono n'kulitsekera m'kabati.

Apa ndiye pali bala langa lenileni, inu ana, kuposa bodza la pansi pa bwemba lija. Kunali kutatsala masiku anayi. Kope lachitatulo tikanatha kulilembanso m'masiku awiri, chifukwa zonse zinali zikadali m'mutu mwa Abiti. Ine sindinapite. Ndinkachoka kunyumba kupita kuofesi, kuofesi kubwerera kunyumba, osayang'ana n'komwe mbali ya kumandako.

Amene anapita ndi agogo anu aakazi. Inu mumawakumbukira ngati agogo okalipira ana otaya sopo m'madzi. Tsiku limenelo anatenga makope awiri otsalawo pansi pa matiresi, n'kuwaika m'dengu, pamwamba n'kuthira makaka a chinangwa. Ndinati, "Nabanda, uli ndi pakati, akakugwira?" Anati, "Amene munasayina ndinu, ine sindinasayine kanthu." Anasenza dengu, mimba ili kutsogolo, anadutsa pamaso pa anyamata a malaya ofiira ngati akupita kuchigayo. Pobwera anati, "Abiti akuti ndikuuzeni kuti a kunyanja akudikirabe." Ndinamva. Sindinanyamuke.

Mphwake wa a Shehe, amene ankadziwa kuwerenga, ndiye ankaitana mayina m'makope awiri aja pokumba. Banja lililonse linanyamula wake, n'kukamugoneka kumanda atsopano, dzina lake likudziwika. A kufupi ndi nyanja anayamba kuwakumba tsiku lomaliza. Abiti anali okha, anthu okumba ambirimbiri akuwaitana uku ndi uku, ndipo miyala ina inali itagudubuzidwa kale ndi oyeza malo. Ena anapezeka, ambiri ayi. M'mawa mwake katapila analowa. Ndinkamumva kulira kwake ndili muofesi, ndikutaipa kalata yoitanitsa malata a shediyo.

Abiti Salimu anamwalira dzinja lotsatira. Ndinapita kumaliro, ndinaima patali. A Shehe anatsatira chaka chisanathe. Mphwawo uja anandibwezera makope awiri aja, ati, "Musunge ndinu, kuno chiswe chidya." Sanandinene kalikonse, ndipo kusandinenako kunandipweteka kwambiri.

Pambuyo pake ndinalemba kalata kawiri kupempha ntchito yauphunzitsi. Sindinayankhidwe. Pakampani anyamata amene ndinawaphunzitsa kugwira taipulaita anakwezedwa n'kukhala mabwana anga. Dzina langa linali litalembedwa penapake, ndipo masiku amenewo likalembedwa silinkafufutika. Ndiye onani mmene zinathera. Ndinathawa kalasi poopa kunenezedwa, n'kukanenezedwabe pakati pa matumba. Anandisamutsira m'shedi yatsopano ija kuti ndizilandira katundu. Ndikamalowa ndinkavula chipewa. Anzanga ankati ndimavula chifukwa cha kutentha, ine osawatsutsa.

Ndisakunamizeni, Yamikani sananame pa zonse. Digiri imeneyi sinandigulire galimoto. Mwana wa a Kachala uja anamanga nyumba ku Lilongwe ya zipinda zambiri, ine ndinamanga ino. Bambo anga anamwalira akukhulupirira kuti zaka za ku Zomba zinangopita pachabe, kupatula Chingerezi. Ndikanakonda ndikanawauza za makope aja, koma ndikanawauzanso za bodza langa, ndipo sindinalimbe mtima. Mukandifunsa chimene ndimadandaula, si zimene ndinaphunzira ayi. Ndimadandaula kuti ndinaziphunzira bwino, kenako moyo wanga wonse n'kumazibisa ngati katundu wakuba. Kukanakhala ana kwinakwake, lero ali ndi imvi, amene akanati a Mbewe anatiphunzitsa. Kulibe ndi mmodzi yemwe.

Iwe Mphatso, usawodzere, ndatsala pang'ono.

Patapita zaka khumi ndi zingapo, bambo anu ali kale kusekondale, anthu amene anali kumigodi ya ku Joni anayamba kubwerera ambiri. Tsiku lina m'mawa, malole atatu a feteleza akudikira pakhomo la shedi, kunafika bambo wina wamtali, wa imvi, wovala chijasi chachikulu ngakhale kunkatentha. Ankatsokomola kwambiri, chifuwa cha kumigodi. Anati dzina lake ndi Che Jafali, anachoka ali mnyamata ndipo anali asanabwereko. Anapita kumanda atsopano, sanapeze mayi ake. Anthu anamuuza kuti pitani kwa a Mbewe a kushedi, ali ndi mabuku.

Ndinamufunsa dzina la mayi ake. Anati, "Abiti Kasimu."

Ndinadziwa pomwepo kuti sali m'makope awiri aja. Makopewo ndinali nditawawerenga kambirimbiri. Ndinati, "Bambo, mayi anu anali m'kope limene linalandidwa. Sanasamutsidwe. Ndipo mbali ina ya mlandu umenewo ndi yanga." Ndinamuuza zonse, za pansi pa bwemba, za masiku anayi aja. Anali munthu woyamba kumva, kupatula Nabanda. Anamvetsera osandidula, chipewa chili m'manja.

Nditamaliza anati, "Zimenezo mukakambirana ndi Mulungu. Ine ndikufuna mayi anga. Ali kuti?"

Dzinalo ndinkalikumbukira, chifukwa polilemba pensulo inathyoka, ndipo Abiti Salimu anabwereza mawu awo kawiri pamene ndinkaisongola. Manda a Abiti Kasimu anali mapazi makumi awiri ndi asanu kuchokera pamgwalangwa, kulowera kubwemba. Mgwalangwawo unadulidwa, koma chitsa chake chinali chikadalipo kuseri kwa khoma. Tinazungulira, ndinaima pachitsacho, ndinawerenga mapazi mpaka pakhoma, tinalowanso mkati n'kupitiriza kuwerenga. Mapazi anathera pakati pa chipilala chachinayi ndi khoma lakunyanja, pamene panali mulu wa matumba ofika kudenga.

Ndinati, "Malo enieniwo sindingalumbire, koma sali kutali ndi pano."

Ndinaitana onyamula katundu kuti achotse muluwo. Anadabwa, koma anayamba. Kapitawo anabwera akukalipa kuti malole akudikira panja. Ndinati, "Adikire." Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, chifukwa pa zaka zonsezo ndinali ndisanamuyankhepo motero. Matumba atatha, panatsala simenti yokha, yotuwa ndi fumbi la feteleza. Che Jafali anavula jasi lake n'kusesa nalo pamalopo. Anavula nsapato, anatambasula manja n'kuyamba kupemphera m'Chiarabu, mawu akuduka ndi chifuwa. Onyamula katundu aja, Akhristu ndi Asilamu omwe, anaima m'mbali mwa khoma.

Che Jafali atamaliza anakhala pathumba limodzi, osandiyang'ana. Anati, "Ndinawalembera makalata awiri okha, zaka zoyambirira. Kenako manyazi, ndinalibe chowatumizira. Kodi Abiti Salimu ananenapo kanthu? Mayi anga anapita atanditaya?"

Ndinati, "Ndikuuzani mmene anandiuzira, sindiwonjezera. Anati apa pagona Abiti Kasimu, woluka mikeka, mwana wake ndi mmodzi, ali ku Joni. Mwanayo anasiya bwato. Mayiyu analikokera pamthunzi kuseri kwa nyumba, chaka chilichonse n'kumalipaka phula kuti lisang'ambike. Chaka cha njala anthu atatu anabwera kudzaligula, onse anawabweza. Ankati mwiniwake akubwera."

Bambo uja anaphimba nkhope ndi manja ake onse awiri. Patapita nthawi anati, "Munenenso."

Ndinanenanso.

Anati, "Mundilembere papepala."

Ndinang'amba tsamba m'buku lolandirira katundu, ndinalemba kuseri kwake, mawu ndi mawu. Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba lapamtima. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kutuluka nsapato zili m'manja, mpaka pageti. Sindinamuonenso.

Tsiku limenelo malole anagona osatsitsa, ndipo mawa lake ndinalandira kalata yachenjezo, yoyamba ndi yomaliza pantchito yanga. Koma ndikuuzeni, inu ana, pa zaka zonse zimene ndinakhala padoko paja, ndi tsiku lokhalo limene ndinaweruka ndikudziwa kuti lero ndagwira ntchito yanga.